PAMPU IMANAMIZIRIDWA: Za Magalimoto Ozimazima m'Mzinda wa Lilongwe

Mwa matenda a galimoto amene amadya ndalama za anthu a malipiro a pamwezi, alipo amodzi amene dzina lake limatchulidwa msanga koposa ena onse. Galimoto ikavuta kulira m'mawa ku Area 23, ikayamba kutsamwa pokwera ku Capital Hill, kapena ikazima pakati pa mdipiti wa pa mlatho wa Lilongwe, anthu oimirira m'mbali mwa msewu amagamula mlandu nthawi yomweyo, nati, "Pampu yatha." Tsono mwini wake, amene kawirikawiri ndi kalaliki wa Boma kapena mphunzitsi, amathamangira ku Biwi kukagula pampu ina. Nthawi zina galimotoyo imachiradi. Koma nthawi zinanso pakapita masabata awiri matenda aja amabwerera monga kale, ndipo ndalama zapita.

Chifukwa chake n'chakuti pampu ndi chiwalo chimodzi chokha mwa ziwalo zambiri zimene mafuta amadzeramo, ndipo zonsezo zikadwala zimaonetsa zizindikiro zofanana. Njira yaikulu yodziwira cholakwa ndiyo kupima mphamvu imene mafuta akukankhidwa nayo, imene amakaniko amaitcha pulesha. Munthu wogula pampu asanapime ali ngati wodwala amene wamwa mankhwala a malungo magazi ake asanaonedwe.

MMENE MAFUTA AMAYENDERA

Injini ya petulo imafuna chakudya cha muyeso. Pa kulemera kwake, gawo limodzi la petulo limafuna magawo a mpweya pafupifupi 14.7 kuti liyake bwino. Petulo akachepa injini imafooka ndi kutsokomola. Akachuluka imafuka utsi wakuda ndi kumwa mafuta mopitirira.

Ulendo wa petulo umayambira m'thanki. M'magalimoto a masiku ano pampu ya magetsi imakhala m'kati mwa thanki momwemo, yomizidwa m'mafuta, ndipo kukamwa kwake kuli kasefa ka nsalu kotchinga zinyalala zikuluzikulu. Kuchokera apo mafuta amadzera m'sefa yaikulu, nayenda m'paipi pansi pa galimoto, mpaka kufika ku mainjekita, timipopi timene timawaza mafuta m'injini ngati nkhungu. Palinso kachipangizo kotchedwa regyuleta, kamene ntchito yake ndi kusunga pulesha pa muyeso umodzi, ndi kubwezera m'thanki mafuta otsala.

Kompyuta ya galimoto siyeza kuchuluka kwa mafuta monga munthu amayezera ufa ndi mbale. Iyo imangotsegula injekita kwa kanthawi kochepa kwambiri, poganiza kuti pulesha ili pa muyeso wake. Aliyense amene anatungapo madzi pa mpope wa m'tauni adziwa kuti mpope wotsegulidwa mphindi imodzi umadzaza ndowa tsiku lina, koma tsiku lina subisa ndi pansi pomwe. Mphindi ndi yomweyo, chasintha ndi mphamvu ya madzi. Momwemonso ndi injekita.

MAGALIMOTO AKALE NDI A LERO

Pamene likulu la dziko linasamukira ku Lilongwe m'chaka cha 1975, magalimoto a petulo oyenda m'misewu yake anali pafupifupi onse a kabuleta. Pampu yawo inkayendetsedwa ndi injini yomwe, ndipo pulesha yake inali yaing'ono, yosafika ndi theka la bar. Makaniko ankatha kuchotsa paipi, kuliza injini, ndi kuona ndi maso ngati mafuta akutuluka. Ambiri mwa amisiri achikulire a m'makwalala anaphunzira ntchito pa magalimoto oterowo.

Koma ku Ulaya zinthu zinali zitayamba kale kusintha. M'chaka cha 1967 kampani ya Bosch ya ku Germany inaika m'galimoto ya Volkswagen 1600 njira yowaza mafuta yolamulidwa ndi magetsi, ndipo m'zaka zotsatira mafakitale a ku Japan anatsata njira yomweyo. Lero magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito amene amachokera ku Japan kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi chipata cha Songwe, monga Vitz, Passo, Probox ndi Sienta, onse ndi a mainjekita. Pulesha ya magalimoto otere imakhala pafupifupi bar 3, ndipo m'mabuku a mitundu yambiri ya Toyota muyeso wake ndi kPa 304 mpaka 343, kapena psi 44 mpaka 50.

Aphunzitsi a sayansi adzakumbukira kuti bar imodzi ndi kPa 100, ndipo ikufanana ndi kulemera kwa madzi otalika mamita 10. Kotero bar 3 ndi mphamvu ya madzi ochokera m'thanki yokwezedwa mamita 30, ndipo ndi yoposa mpweya wa m'tayala la galimoto yaing'ono. Pa muyeso wotere maso sathandizanso. Pampu yopereka bar 2 imalavula mafuta mooneka amphamvu ndithu paipi ikachotsedwa, koma injini ikuvutika ndi njala. Apa ndi pamene luso lakale limasocheretsa anthu.

Alipo magalimoto ena opitirira apo. Injini za petulo zowaza mafuta m'silinda mwenimweni, zimene Mitsubishi inazitcha GDI m'chaka cha 1996 ndipo Toyota imazitcha D-4, zili ndi mapampu awiri, ndipo yachiwiri imakweza pulesha kufika bar 50 mpaka 200. Injini za dizilo za mtundu wa common rail, zimene zili m'magalimoto ambiri atsopano a Boma ndi a mabungwe, zimapitirira bar 1,000.

CHIMENE CHADWALITSA MAGALIMOTO A M'MZINDA UNO

Dziko la Malawi lilibe doko la pa nyanja yamchere, ndipo mafuta ake amayenda ulendo wautali kuchokera ku Beira, ku Nacala ndi ku Dar es Salaam. Pofuna kuchepetsa mavuto a ulendowu, Boma linakhazikitsa kampani ya NOCMA m'chaka cha 2010, ndipo nkhokwe za mafuta zinamangidwa ku Blantyre, ku Mzuzu ndi ku Kanengo, pafupi ndi Area 25 ndi Mgona. Ngakhale zili tero, mafuta anasowa kwambiri m'zaka za 2011 ndi 2012, ndipo anasowanso nthawi ndi nthawi kuyambira 2022 kufikira 2025, makamaka chifukwa cha kuchepa kwa ndalama zakunja. Nyengo zoterezi zimasiya zipsera m'mathanki a magalimoto mwa njira zitatu.

Njira yoyamba ndi chigubu. Mizere ikatalika pa malo omwetsera mafuta, munthu wofuna kufika ku ntchito amagula kwa mavenda a m'mbali mwa msewu. Zigubu zawo zinasungapo mafuta ophikira, madzi kapena mankhwala, ndipo zimatsegulidwa pa fumbi la mwezi wa Okutobala kapena pa mvula ya mu Januwale. Ena osaona mtima amathiramo palafini kuti malita achuluke. Fumbi limatseka sefa, madzi amabala dzimbiri, ndipo dzimbiri limakatsekanso sefa yomweyo. N'chifukwa chake malamulo a mafuta a chaka cha 2004 amaletsa kugulitsa mafuta popanda chiphaso, ndipo bungwe la MERA lakhala likuletsa kugula m'zigubu popanda chilolezo pa nthawi ya kusowa.

Njira yachiwiri ndi ethanol. Dziko lino linayamba kusakaniza petulo ndi ethanol m'chaka cha 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inatsegulidwa, ndipo ya PressCane ku Chikwawa inatsatira mu 2004. Ntchitoyi yapulumutsa ndalama zakunja zambiri, ndipo petulo wosakanizidwa bwino alibe vuto m'galimoto yosamalidwa. Koma ethanol amakonda madzi. Madzi akalowa ochuluka m'thanki, ethanol amalekana ndi petulo nakakhala pansi pamodzi ndi madziwo, ndipo pansi pomwepo ndi pamene pampu imamwera. Ethanol amasukusulanso litsiro lakale la m'thanki, naumitsa mapaipi a mphira amene sanapangidwire mafuta otere.

Njira yachitatu ndi kuyenda ndi thanki youma. Pampu ya magetsi imazizira ndi mafuta omwe imakankhawo. Woyendetsa amene amathira malita awiri m'mawa ndi awiri madzulo, kuwala kofiira kuli chiyakire mwezi wathunthu, amachititsa kuti pampu izimwa mpweya pa ngodya ndi m'maenje a misewu ya ku Chinsapo, ndipo imatentha ndi kukalamba msanga. Komanso thanki yopanda kanthu imachita thukuta m'kati usiku wozizira wa mu Juni, ndipo thukutalo ndi madzi.

ZIZINDIKIRO ZAKE

Pulesha yochepa imadziwika pamene injini ikufuna mafuta ambiri. Galimoto imayenda bwino m'tauni, koma pa mtunda wa ku Dedza, kapena pokwera kuchokera ku Salima itanyamula banja ndi matumba a mpunga, imatha mphamvu ndi kudukizadukiza, ngakhale woyendetsa aponde moto bwanji. Pulesha yothawa injini ikazimitsidwa imadziwika ndi kuvuta kulira: kiyi amapotokoledwa kawiri kapena katatu injini isanagwire. Pulesha yopitirira imadziwika ndi utsi wakuda, fungo la petulo, mapulagi a mwaye, ndi thanki yotha msanga.

Komabe awerengi adziwe kuti mapulagi otha, koilo yofooka, sefa ya mpweya yodzala fumbi, ngakhale paipi ya utsi yotsekeka, zonsezi zimabweretsa zizindikiro zonga zomwezi. Chizindikiro chimangolozera kumene makaniko ayambire kufufuza. Sichigamula mlandu.

NDONDOMEKO YA MMISIRI WODEKHA

Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mmisiri wabwino amayamba ndi zotsika mtengo, natsiriza ndi zodula.

Choyamba amafunsa mbiri: galimoto inathiridwa mafuta kuti, liti, ndipo vuto linayamba tsiku liti. Matenda oyamba tsiku lotsatira kugula kwa mavenda adziulula okha theka.

Chachiwiri amatapa mafuta pang'ono m'botolo loyera la galasi, nalikhazika pansi kwa mphindi zingapo. Madzi amatsikira pansi ndi kuoneka mzere wake, dzimbiri ndi fumbi zimadikha, ndipo dontho la petulo wa palafini likagwera pa pepala loyera limachedwa kuuma ndi kusiya banga la mafuta. Palafini sasintha chiwerengero cha pa geji, kotero wosatapa mafuta sangamugwire.

Chachitatu amamvetsera. M'magalimoto ambiri kiyi akatsegulidwa pampu imalira pang'ono kwa masekondi awiri, ngakhale kuti m'mitundu ina ya Toyota imayamba pokhapokha injini ikamalizidwa. Pampu ikakhala chete, mmisiri sathamangira kutsitsa thanki. Amayamba waona fyuzi, rileyi ndi mawaya, napima ngati magetsi okwana mavoti 12 akufikadi pa pampu. Waya wodyedwa ndi dzimbiri kapena wolumikizidwa mopotokola ndi manja amachepetsa magetsi, ndipo pampu yamoyo imaoneka ngati yakufa. Fyuzi mtengo wake ndi wa botolo la zakumwa. Pampu yeniyeni imadya gawo lalikulu la malipiro a mwezi.

Chachinayi, ngati pali makina owerengera kompyuta ya galimoto, amawalumikiza. Nambala ya P0171 itanthauza kuti injini ikulandira mpweya wochuluka koposa mafuta, P0172 itanthauza kuti mafuta achuluka, ndipo P0087 itanthauza kuti pulesha yatsika. Koma nambalazi sizitchula chiwalo cholakwa. P0171 imabweranso paipi ya mpweya ikang'ambika, pampu ili bwinobwino.

Chachisanu, ndipo chachikulu pa zonse, amalumikiza geji pa paipi ya mafuta.

KUWERENGA GEJI

Geji imawerengedwa kanayi, ndipo kuwerenga kulikonse kumayankha funso lakelake.

Imawerengedwa injini ikulira payokha galimoto itaima, ndipo chiwerengerocho chimayerekezedwa ndi cha m'buku la galimoto ya mtunduwo. Imawerengedwanso moto ukapondedwa mwamphamvu, makamaka galimoto ikukwera mtunda. Muvi ukakhala pabwino injini ikulira pang'onopang'ono, koma n'kugwa moto ukapondedwa, ndiye kuti mafuta akudza ochepa: mwina sefa yatsekeka, mwina paipi yaphwanyika pansi pa galimoto pogunda mwala, mwina magetsi akuperewera, mwinanso pampu yatopadi. Sefa isinthidwe poyamba, ndipo geji iwerengedwenso. Muvi ukabwerera pa malo ake, pampu yapulumuka.

Kachitatu, pa magalimoto amene regyuleta yake ili pa injini, mmisiri amazula kapaipi ka mpweya kolowa m'regyuletamo. Muvi uyenera kukwera ndi pafupifupi theka la bar. Ukapanda kusuntha, regyuleta ndiyo yolakwa, ndipo m'kapaipimo mukapezeka petulo ndiye kuti chikopa cha m'kati mwake chang'ambika. Muvi wokwera mopitirira nthawi zonse umaloza ku regyuleta yomata kapena ku paipi yobwezera mafuta yotsekeka. Magalimoto ambiri atsopano alibe paipi yobwezera, ndipo regyuleta ndi sefa zili m'thanki pamodzi ndi pampu. Pa oterewa eni ake asalole kugulitsidwa chigulu chonse asanafunse ngati sefa payokha singasinthidwe.

Kachinayi, injini imazimitsidwa ndipo muvi umayang'anidwa. M'mabuku a Toyota aja, pulesha iyenera kukhalabe pa kPa 147 kapena kupitirira pakatha mphindi zisanu. Ikagwa msanga, mafuta akuthawira kwina: kubwerera m'thanki kudzera pa valavu ya pampu, kudutsa m'regyuleta, kapena kudontha pa injekita. Injekita yodontha ndi yoopsa koposa, pakuti petulo amatsikira m'oyilo ndi kumusungunula, ndipo injini yonse imadyeka.

Pali mwambo wina wodziwika m'madepoti, womenya thanki ndi chibakera galimoto ikakana kulira. Nthawi zina imaliradi, chifukwa makala a m'kati mwa pampu atha ndipo kugwedezako kwawagunditsa. Umenewu ndi umboni wakuti pampu ili pafupi kufa, koma si mankhwala ayi. Ndipo pampu ikapezeka kuti yafadi, thanki itsitsidwe ndi kutsukidwa, ndi kasefa kake kasinthidwe. Pampu yatsopano yomizidwa m'matope akale idzafa imfa ya inzake.

CHENJEZO LA MOTO

Ntchito imeneyi si yochitira pakhomo pamene pali mbaula ndi ana. Petulo amakhalabe pa pulesha ngakhale injini itazima, ndipo paipi ikamasulidwa mwachisawawa amawazikira kumaso ndi pa injini yotentha. Mmisiri amayamba wachotsa fyuzi ya pampu, naliza injini mpaka izime yokha, ndipo pomasula amakulunga nsalu pa mfundo. Fodya, kandulo ndi makina owotcherera zitsulo zikhale kutali. M'malo othithikana monga Mgona ndi Kawale, kumene nyumba zayandikana, moto wa galimoto imodzi kapena wa zigubu zosungidwa kuchipinda sutha pa khomo limodzi.

Za injini za common rail ndi za GDI, lamulo ndi limodzi: mapaipi a pulesha yaikulu asamasulidwe injini ikulira, ndipo munthu asafufuze podontha ndi chala. Mafuta a mphamvu yotere amaboola khungu ngati singano, ndipo bala lake limafuna dokotala wa opaleshoni. Pulesha ya injini zoterezi kawirikawiri imawerengedwa ndi makina a kompyuta. Palafini m'dizilo ndi woononga kwambiri kwa injini zimenezi, chifukwa dizilo ndiye amafewetsa zitsulo za pampu yake.

UDINDO WA ALIYENSE

Nkhaniyi ikukhudza chuma cha dziko lonse. Mapampu a mafuta a galimoto amachokera kunja, ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja zomwezo zimene dziko limafuna pogula mankhwala, feteleza ndi mafuta amene. Ndalama ya kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi magawo 44 pa 100 mu Novembala 2023, mitengo ya zipangizo zochokera kunja inakwera, ndipo anthu ambiri anatembenukira ku mapampu otsika mtengo osadziwika kochokera, kapena ozulidwa m'magalimoto ophwasulidwa. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Pampu yoikidwa iyenera kupimidwa ndi geji yomweyo galimoto isanachoke pa galaja, kuti onse aone ngati ikufika pa muyeso.

Akuluakulu oyang'anira magalimoto a Boma m'maunduna ndi m'maofesi a maboma ali ndi mwayi wokonza zinthu ndi cholembera chokha. Pepala lopempha ndalama za pampu lisasainidwe ngati palibe ziwerengero ziwiri: pulesha imene yapezeka, ndi imene buku likunena. Buku la ulendo lionetse kumene mafuta anathiridwa ndi tsiku limene sefa inasinthidwa.

Sukulu za ntchito zamanja, monga Lilongwe Technical College ndi zina zoyang'aniridwa ndi TEVETA, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1999, zimaphunzitsa achinyamata umakaniko. Koma ambiri mwa anyamata a m'magalaja a ku Biwi ndi ku Kawale anaphunzira pogwirizira masipanala a abwana awo, ndipo ali ndi makutu ndi manja aluso zedi. Chimene ena a iwo akusowa ndi geji ndi chizolowezi cholemba chiwerengero. Geji ndi chida chogula kamodzi, ndipo amisiri atatu oyandikana akhoza kusonkherana. Aphunzitsi a sayansi m'sukulu za sekondale nawonso ali ndi chitsanzo chamoyo cha phunziro la pulesha, choimikidwa panja pa kalasi.

Kwa mwini galimoto, malangizo ndi ochepa. Asalole thanki kutsika kupitirira gawo limodzi mwa magawo anayi pamene mafuta akupezeka, pakuti malita amene galimoto imamwa pa mwezi ndi omwewo, kaya thanki ikhale pakati kaya pansi. Agule pa malo a chiphaso. Akakakamizika kuthira za m'chigubu, asefe ndi nsalu yoyera ndipo asatsanule za pansi penipeni. Ndipo makaniko akanena kuti pampu yatha, afunse mwaulemu kuti, "Bambo, mwapeza pulesha yochuluka bwanji, nanga buku likuti bwanji?" Safunsa anadya phula. Mmisiri woona sakwiya ndi funso lotere, koma amatenga geji yake namuonetsa mwini galimoto pamene muvi waima.